Mbewa Zodzandira za M'chipinda Chachitatu

Patuma mwana wanga, kope ili ndi lako. Anthu olemba mbiri ya ntchito yawo amakhala ndi imvi, ine ndilibe ngakhale imodzi, koma ntchito ndinapuma ndipo sindikuona kuti ndidzavalanso yunifolomu ya munthu. Za ubwana wanga kuno ku Rivirivi ndizisiya, mtsinjewu ndi womwewu, minda ndi yomweyi, ukuziona wekha. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndiye ukapeza mawu opindika usandiseke. Ndikulemba chifukwa dzana unabwera kuchokera kusukulu mawondo ali magazi, n'kundifunsa zimene anzako akunena, zoti amayi ako anadya chinthu. Ine ndinakuuza kuti kasambe. Sikunali kuyankha kumeneko.

Meyi, chaka choyamba

Ndinali nditangokwatiwa ndi bambo ako, a Jafali, tikukhala nyumba ya lendi pafupi ndi Machinga Boma. Iwo ankapikula matemba ku Chiuta n'kumagulitsa pamsika. Ine ndinakulira m'Chikatolika, koma polowa m'banja ndinalowanso Chisilamu, ndipo ndinalonjeza pamaso pa apongozi anga, agogo ako a ku Chiuta aja, kuti nkhumba ndi mbewa ndasiya. Nkhumba sinandivute. Koma mbewa, iwe, kwathu kuno timakula nazo, dzinja likatha munthu amadziwa una uti uli ndi kapuku, uti uli ndi njoka. Ndinasiya ndithu, ndi mtima wonse.

Cha kuseri kwa msewu wa ku Zomba kunali nyumba ina yoyera ya mawindo ang'onoang'ono, anthu ankangoti kukafukufuku. Dzina lake lenileni sindilemba. Ndinamva kuti akufuna wokonza m'zipinda, ndinapita. Anandifunsa mafunso ndi a Bwanali, bambo wadazi, woyang'anira zipinda za ziweto.

"Achemwali, mbewa mumaziopa?"

"Iyayi bwana."

"Mumadya?"

"Ndinasiya bwana, ndine Msilamu."

Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Ndiye mwalembedwa kale. Dzulo kunabwera Mngoni wa ku Ntcheu, ndinamubweza pakhomo. Ameneyo akanandimalizira ofesi yonse ndi mchere."

Madzulo ake nditawauza, bambo ako anati, "Bola muzivala magolovesi. Koma amayi anga akafunsa, inu mumasesa mu ofesi, basi."

Ntchito yake inali iyi: kusintha utuchi m'timabokosi ta pulasitiki, kutsuka timabotolo ta madzi, kuthira chakudya, kukolopa, kuyang'ana kuti ndi iti yabereka, iti yafa. Polowa unkasintha nsapato, kumutu chisoti, kukamwa kansalu. Mbewazo zinkakhala bwino kuposa ife, kutentha kwa m'chipinda ankakuyeza, magetsi akazima jenereta inkalira chifukwa cha izo, osati ife. Lamulo lalikulu linali limodzi, a Bwanali ankalinena tsiku ndi tsiku ngati pemphero: mbewa ya muno siituluka, yamoyo kapena yakufa. Zotsala, zimene sankazifuna, ankazipha pothyola khosi, kuziika m'firiji, Lachisanu n'kukaziwotcha mung'anjo kuseri.

M'chipinda choyamba ndi chachiwiri munali mbewa wamba. M'chachitatu munali zimene ndikufuna uzidziwe. Zinali zamaso abwinobwino, ubweya wosalala, koma kuyenda ayi. Ikati inyamuke miyendo inkatangadza, thupi n'kugwedezeka, mapazi awiri atatu yagwera m'mbali, yagudubuzika, yadzuka, yayambanso. Chakudya ndinkachinyowetsa n'kuchiika pansi chifukwa pamwamba sizinkafikira. A Bwanali ankazitcha zidakwa.

Mwini kafukufukuyo anali mayi wa kwathu konkuno amene anaphunzira kunja, tinkangoti a Dokotala. Sankalankhula zambiri. Tsiku lina anandipeza nditaima ndi chokolopera m'manja ndikuyang'anitsitsa kamodzi, anati, "Mayi Jafali, mukuganiza kuti chavuta n'chiyani?" Ndinati miyendo. Anati iyayi, miyendo ilibe mlandu, bwerani. Anandigwira kunkhongo kuno, pamwamba pa khosi, anati umu muli kabongo kena kakang'ono, mbewa ili nako, inunso muli nako, ndi kamene kamawongola kuyenda. Ndiye anandionetsa pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono, timagalasi tiwiri. Pakoyamba panali ngati tsamba la nkhwani, lopindapinda, ndipo m'mbali monse timadontho titandandalika mzere umodzi bwinobwino ngati chimanga chodzala ndi chingwe. Pakachiwiri kabongoko kanali kochepa, kosapindika, timadontho tija titaunjikana pakati ngati mbewu yotayikira pansi thumba litabooka.

Anati timadonthoto ndi maselo. Mwana wa mbewa akali m'mimba, maselowo amabadwira mkati mwenimweni, ndiye amayenera kuyenda ulendo kupita pamalo pawo. Kutsogoloko kuli maselo ena amene amatulutsa kanthu kena koitanira. Maselo oyendawo ali ndi tolandirira pakhungu pawo, iwo ankati tili ngati makutu. Akamva kuitanako amadziwa kolowera ndi poima. Mbewa za m'chipinda chachitatu zinabadwa zopanda makutu amenewo, ndiye kuitana kulipo koma womva palibe, maselo amangokhala pomwe abadwirapo. Zimene iwo ankafufuza n'zoti khutu liti limanena kuti yenda, liti limanena kuti ima, poti alipo awiri. Ndinamva ndithu, ndipo ndinanyada kuti munthu wa Sitandade 7 ndamva. Ndinakafotokozera bambo ako, iwo anangoti, "Ndiye azungu amatumiza ndalama kuti mbewa ziziledzera?"

Januwale ndi Febuluwale, chaka chachiwiri

Pamenepa ndinali ndi pakati pako, miyezi inayi kulowa isanu. Chinali chaka choipa. Mvula inadula, madzi ku Chiuta anaphwera, matemba anasowa, bambo ako ankapita masiku atatu n'kubwera ndi dengu losafika theka. Tinkadya kamodzi, madeya ndi chisoso, nthawi zina mango owiritsa. Kuntchito nako zinthu zinathina. Malipiro ankachedwa, dizilo anasowa, jenereta ankailiza ya zipinda za mbewa zokha, firiji ya zakufa anaizimitsa. Ndiye a Bwanali anati zophedwa ziziwotchedwa tsiku lomwelo, ndipo poti munthu amene ankaziwotcha anali atasiya ntchito, chidebe ankandipatsa ine.

Patuma, nkhuli ya munthu woyembekezera sudzaimvetsa mpaka idzakugwire. Si njala chabe. Ndinkanyamula chidebe chija kupita kuseri, n'kutsegula, mbewa zonenepa, zoyera bwino, zodya chakudya chabwino kuposa changa, zophedwa mphindi zomwezo, ndipo fungo la ubweya ukamapsa linkandibwezera kwathu. Malovu ankadzaza m'kamwa. Ndinapirira sabata ziwiri. Lachiwiri lina masana ndinayang'ana uku ndi uku, ndinapatula zinayi, ndinaziwawula pakhomo pa ng'anjo, kutumbula ndi kaleza, kuotcha, mchere ndinali nditabwera nawo pakapepala kuchokera kunyumba. Ukuona, mchere ndinabwera nawo, ndiye sindinganame kuti zinangochitika.

Ndinali wochenjera m'kupusa kwangako. Zimene a Dokotala ankazibaya mankhwala kuti atenge ubongo ndinkazidziwa, zinkauma gwa ndi kununkha, zimenezo sindinakhudzepo. Ndinkatenga zothyoledwa khosi zokha. Koma zakufa sizidzandira, m'chidebe zonse zimafanana, ya chipinda choyamba ndi ya chachitatu osazisiyanitsa. Ndinadya mwina kasanu ndi kawiri, mwina kupitirira. Ndikatha ndinkatsuka m'kamwa ndi sopo, kutafuna masamba a bulugamu, kenako kukapemphera ngati munthu. Chimanga chitayamba kucha ndinasiya, ndinati zatha, palibe waona.

Juni wa chaka chachiwiri mpaka chaka chachinayi

Unabadwa mu Juni, wokongola, wolira mokweza. Apongozi anabwera kuchokera ku Chiuta ndi nkhuku, anakupatsa dzina lawo. Ndinapuma miyezi itatu n'kubwerera kuntchito, iwe ndinkakusiya ndi mayi wina woyandikana naye.

Ndinayamba kukuyang'ana msanga, mwina kuposa mmene mayi amayang'anira mwana. Miyezi isanu ndi umodzi anzako akhala pansi, iwe ukakhala mutu unkagwedezeka ngati dzungu pa mpanda, kenako phi! chammbali. Kusikelo anati ana amasiyana. Chaka chinakwana usanakwawe bwino. Ukafuna kugwira kapu dzanja linkapitirira, kubwerera, kupitiriranso. Ine m'mawa ndinkanyowetsa chakudya cha m'chipinda chachitatu, madzulo ndinkakudyetsa iwe, ndipo maso anga ankaona chinthu chimodzi kuwiri konse, koma pakamwa ndinatseka. Apongozi anabweretsa zomanga m'chiuno, anakutengera kwa ashehe, ine ndinkangovomera zonse. Bambo ako ankakuimiritsa pakati pa miyendo yawo n'kumaimba, ankati, "Uyu ndi bwana, mabwana sathamangira kuyenda."

Tsiku limene unayenda unali ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu. Linali Lamlungu masana. Unagwira khoma, unatangadza miyendo, unasiya khoma, thupi lonse likugwedezeka, phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu, wagwera kumanzere, wagudubuzika, wadzuka ukuseka, wayambanso. Bambo ako anakuwa ndi chimwemwe kuitana anthu oyandikana nawo. Ine ndinathamangira kuseri kwa bafa n'kusanza.

Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti chimene mayi woyembekezera wadya mwana amatengera. Ndinakula ndikumva zimenezo. Ndiye usandifunse kuti ndinkaganiza chiyani. Miyezi itatu ndinayenda ngati munthu wosenza mtsuko wosweka, kuntchito ndinagwetsa kabokosi kamodzi, a Bwanali anati, "Achemwali, mwayamba kutengera ana anu a m'chipinda chachitatu?" Ankangoseleula bambo aja, sankadziwa kuti andibaya pati.

Munthu mmodzi yekha m'boma lonse la Machinga ndi amene akanandiuza zoona, ndipo ndi yemweyo amene akanandichotsa ntchito. Ndinkati ndikanena, ntchito yatha, ndipo pakhomo pathu malipiro odalirika anali angawo. Ntchito ikatha bambo ako afunsa chifukwa. Koma ndinkatinso, ngati chinalowa kudzera m'kamwa mwanga, mwina pali mankhwala ochichotsera, ndipo tsiku lililonse limene ndakhala chete ndikukuchedwetsa iweyo. Chimenecho ndi chimene chinandigonjetsa.

Lachitatu lina, mwezi wa Malichi

Ndinakubereka kumbuyo kupita nawe kuntchito, chinthu chosaloledwa. Ndinagogoda pa ofesi ya a Dokotala, ndinakutsitsa pansi, ndinapita kukaima kukhoma linalo n'kukuitana. Unabwera mmene umabwerera. A Dokotala anavula magalasi.

Ndinagwada. Ndinanena zonse, chidebe, kaleza, mchere, mawu akungotuluka osapumira, ndinati ndichotseni ntchito, ndimangitseni, koma mundiuze mankhwala ake.

"Dzukani, Mayi Jafali. Khalani pampandopo."

"Iyayi a Dokotala, pompano pali bwino."

Ndiye anatsika iwowo, anakhala pansi pa simenti ndi siketi yawo yabwino ija. Anandifunsa kaye ngati ndinadyapo zobayidwa mankhwala, ndinati ayi, anandifunsanso kawiri, kenako anapuma mozama.

"Mvetserani. Chimene chimasowa mwa mbewa zija sichilowa mwa munthu podya. Chili m'mbewu yake ya mbewayo, imalandira kwa make ndi bambo wake. Mukaidya ndi nyama basi, m'mimba imagayika ngati nkhuku. Munadyapo nkhuku yakhungu inu n'kuchita khungu?"

"Koma taonani mmene akuyendera."

"Ndaona. Zikufanana chifukwa malo ovutawo akhoza kukhala amodzi, kabongo kaja. Koma njira zofikira pamenepo n'zambiri. Zina mwana amalandira kwa makolo onse awiri iwo osadziwa kuti anyamula, zina sitizidziwa n'komwe. Si mbewa zanga, ndipo si pakamwa panu."

"Ndiye mankhwala ake?"

Anayang'ana iwe. Iwe unali utagwira mwendo wa tebulo ukukoka lamba wa chikwama chawo.

"A Dokotala, inu mumadziwa kuitana kuja. Simungawaitane maselowo tsopano, apite pamalo pawo?"

"Ulendo umenewo umayendedwa kamodzi, mayi," anatero motsitsa mawu. "Nthawi yake ikapita, pomwe aima ndi pomwepo. Ine zaka zonsezi ndikungofuna kudziwa mmene amamvera. Kuwabweza sindidziwa, ndipo sindikudziwa amene amadziwa."

Anati uziphunzitsidwa kuyenda, thupi limapeza njira zake, udzayenda bwinoko kuposa lero, koma ndisayembekezere kuti zidzatha. Anatithandiza kupita kuchipatala chachikulu ku Blantyre, anakujambula m'mutu, ndipo chithunzi chinaonetsa kuti kabongo kako n'kochepadi. Chifukwa chake madokotala a kumeneko sanathe kunena, anati zoyezera zake kuno kulibe.

Za ntchito sanandinamize. Anati nkhaniyi sangaibise kwa oyang'anira kafukufuku, ndipo ikabisidwa n'kudzaululika nyumba yonse itsekedwa. Chimene anatha n'choti ndilembe ndekha kalata yosiya, kuti ndisatchedwe wochotsedwa. A Bwanali analandira chenjezo chifukwa cha ine. Tsiku lobweza yunifolomu sanaseleule, anangoti, "Mukanandiuza kuti muli ndi njala, achemwali. Ine ndinkabwera ndi chinangwa tsiku lililonse." Ndinapempha kulowa m'chipinda chachitatu komaliza, anakana, poti ndinali nditasiya kale kukhala wantchito.

Epulo, kuno ku Rivirivi

Bambo ako ndinawauza ndekha. Ndikanatha kunama kuti ndalama za kafukufuku zatha, koma ndinali nditatopa. Anamvetsera mpaka kumapeto, anafunsa funso limodzi: "Masiku amenewo munkabwera kudzandiphikira ndi manja omwewo?" Ndinati eya. M'mawa mwake anandikweza minibasi ya ku Balaka, anati ndikapume kwathu, ankhoswe adzabwera.

Anabwera patatha sabata zitatu: bambo ako, apongozi, ndi amalume a bambo akowo amene anali nkhoswe ya kuchimuna. Kwathu kunali amalume anga. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango uli kuseri kwa nyumba uwu. Ine ndinali nditakonzeka. A Dokotala anandilembera kalata m'Chichewa, ndi chidindo, yofotokoza kuti vuto lako silinachokere m'chakudya. Amalume anga anaiwerenga mokweza, ine n'kuwonjezera za maselo, za ulendo, za makutu, ndinajambula ngakhale pansi ndi kamtengo, mzere uku, mulu uku. Ndinalankhula bwino tsiku limenelo, Patuma, sindinalankhulepo bwino choncho.

Nkhoswe ya kuchimuna inadikira kuti ndimalize.

"Tamva, amayi. Sukulu ndi yabwino. Koma ife tabwera ndi funso lalifupi. Mbewazo munadya kapena simunadye?"

"Ndinadya."

"Zinkayenda bwanji?"

Ndinayang'ana kunyumba. Iwe unali pakhonde, unawaona bambo ako, unatsika, unayamba kubwera. Anthu onse anatembenuka. Funso lija unaliyankha ndiwe, wosadziwa kanthu, ukuseka, manja ali tambasu. Unagwa kawiri. Apongozi anaphimba nkhope ndi mpango. Ngakhale amalume anga enieni, amene anali atangowerenga kalata ija, anaipinda pang'onopang'ono n'kuyang'ana pansi.

Bambo ako anadzuka, anakutola usanagwe kachitatu. Anakupukuta fumbi kumaso ndi malaya awo, anakunyamula nthawi yaitali, ine mtima uli m'mwamba kuti mwina, mwina. Kenako anabwera n'kukuika pamiyendo panga.

"Haramu ija ndikanakhululuka, mayi a Patuma," anatero. "Njala ndikuidziwa. Koma ndizikamuona akuyenda tsiku lililonse, ndiziona chiyani?"

Anakwera minibasi ya madzulo. Matemba amatumiza nthawi zina, ukudziwa. Anakwatira kwina, ana awo kumeneko amathamanga, ndipo anthu amati nawo umboni. A Dokotala anandiuza kale kuti zimenezo sizitsimikiza kanthu, koma ndikauze ndani?

Kuyambira pamenepo ndimalima, ndimakuperekeza kusukulu, ndimayang'ana njira ngati ili ndi miyala. Nyumba yoyera ija ndinamva kuti anasamutsa, mbewa anapita nazo kwina, kaya anapeza khutu limene limati ima, sindikudziwa.

Tsopano funso lako. Eya, amayi ako anadya chinthu. Munthu wophunzira kuposa onse amene ndinakumanapo nawo anakhala pansi pa simenti n'kundiuza kuti si chimenecho. Mutu wanga unamva, ndipo ndikhoza kufotokozera aliyense mwadongosolo. Koma papita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sindinapeze munthu mmodzi m'mudzi muno wondikhulupirira, ndipo masiku ena, ukagwa ndikuona, inenso sindidzikhulupirira. Kalata ya a Dokotala ndaimata kuchikuto chakumapeto. Uwerenge pang'onopang'ono mmene umawerengeramo, ndi chala. Ankhoswe anaweruza kale, mudzi unaweruza kale, koma miyendoyo ndi yako. Ukamaliza usandibisire nkhope. Ndili panja, ndikusenda nandolo.